"Drill baby drill": kodi kukumba mafuta ambiri kumatsitsadi mtengo wa pa pampu?

Funso ili latumizidwa ndi bambo ena a ku Lilongwe amene ali ndi ma minibus awiri. Akuti: "Ndimamva pa nkhani kuti ku America a Trump akuti drill baby drill, tikumbe mafuta ambiri mtengo utsike, koma a chipani chinacho akukana. Mafuta ali pansi pawo, anthu akulira mtengo, nde akukanirana chani? Komanso ifeyo, mafuta a m'nyanja aja anatiuza kalekale bwanji osangokumba tisiye zogona pa filling station?"

Zikomo bambo. Mwamanga mafunso awiri mtolo umodzi, ndiyamba ndi la ku America kenako tibwera kwathu kuno. Ndinene kaye poyambirira kuti mbali zonse ziwirizi zimakokomeza. Amene amati tikumbe mtengo utsike akulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwawo, amene amati taletsa kukumba nawonso, mafuta okumbidwa anachita kuchuluka ali pa mpando iwo omwewo.

Mawu akuti drill baby drill si a Trump ayi, anawapeza. Anatchuka mu 2008. Chaka chimenecho mu July mgolo umodzi wa mafuta osayenga, womwe ndi malita 159, unafika $147, petulo pa pampu anadutsa $4 pa gallon, gallon yawo ndi malita 3.8, ndipo kwa anthu oti ku ntchito, ku tchalitchi, olo kukagula buledi amapita pa galimoto, zinawawa zedi. Pa msonkhano waukulu wa ma Republican, chipani cha a Trump, wandale wina dzina lake Michael Steele anakuwa mawu amenewa, gulu n'kumavomera, kenako Sarah Palin, amene ankapikisana nawo pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti, anawatenga n'kuwafalitsa pa kampeni. Pulezidenti wa nthawiyo George W. Bush anali atachotsa kale mu July chiletso cha pulezidenti choletsa kukumba m'mbali zambiri za nyanja ya mchere, ndipo Congress, nyumba yawo ya malamulo, nayo inasiya chiletso chake kuti chithe mphamvu kumapeto kwa September. Pofika December mgolo uja unali utagwa mpaka pansi pa $40. Ndiye wina atha kunena kuti mwaona, zagwira ntchito. Koma chitsime chatsopano olo chimodzi chinali chisanakumbidwe m'malo anatsegulidwawo. Chinagwetsa mtengo ndi mabanki amene anagwa chaka chimenecho, mafakitale anatseka, anthu anachotsedwa ntchito, ogula mafuta anachepa dziko lonse lapansi, basi.

Nkhani yagona apa. Mtengo wa mafuta osayenga umapangidwa pa msika wa dziko lonse lapansi, ndipo dziko lonse lapansi limamwa migolo yopitirira 100 miliyoni pa tsiku. Tengani Willow, project yaikulu ya kampani ya ConocoPhillips ku Alaska imene anthu anakanganirana koopsa. Ikadzafika pachimake akuyembekeza migolo pafupifupi 180,000 pa tsiku. Zikumveka zambiri eti? Koma pa 100 miliyoni paja ndi ngati kuthira kapu ya madzi mu diramu, ndipo nduna za OPEC, bungwe la maiko ogulitsa mafuta ngati Saudi Arabia, zitha kukhala pansi masana amodzi n'kugwirizana zochepetsa migolo miliyoni yathunthu kapena iwiri, kapu yanu ija yamezedwa. Komanso kampani ya ku Texas siigulitsa motchipa kwa munthu wa ku Texas chifukwa choti ndi m'bale wake. Ndi chimodzimodzi mlimi wa soya ku Mchinji, vendor wochokera ku Chipata akabwera ndi mtengo wabwino thumba limapita, neba olo alire bwanji. Kuyambira 1975 America inali ndi lamulo loletsa kugulitsa kunja mafuta osayenga, analichotsa mu December 2015, pano amatumiza kunja migolo pafupifupi 4 miliyoni tsiku lililonse.

Chinthu china chimene ambiri kuno sadziwa n'choti boma la America lilibe kampani yakeyake yokumba mafuta ngati mmene Saudi Arabia ilili ndi Aramco. Pulezidenti sangadzuke m'mawa n'kulamula kuti mawa mupope migolo yakutiyakuti. Amakumba ndi makampani a anthu, ExxonMobil, Chevron, ConocoPhillips ndi ena ang'onoang'ono mazanamazana. Boma chimene lingachite ndi kubwereketsa malo ake ndi kupereka ziphaso, ndipo malo a boma lalikulu, a pamtunda ndi a m'nyanja kuphatikiza, amatulutsa ngati kota chabe ya mafuta onse. Ambiri akuchokera m'minda ya anthu wamba ndi m'malo a ma state, makamaka ku Permian Basin, chigawo chimene chili ku Texas mpaka kulowa New Mexico. Mwini famu kumeneko amasainirana ndi kampani n'kumalandira gawo lake mwezi ndi mwezi, Washington alibe nazo zambiri.

Onani manambala ake mmene amachititsira manyazi andale. Mu 1970 America inkatulutsa migolo 9.6 miliyoni pa tsiku, kenako inayamba kutsika mpaka kufika cha m'ma 5 miliyoni mu 2008, nthawi ya Bush, munthu wa ku Texas, wa mafuta weniweni. Nthawi ya Obama, amene ankanenedwa kuti ndi mdani wa mafuta, inakwera kudutsa 9 miliyoni. Nthawi ya Biden, amene pa kampeni analonjeza kuti sipadzakhalanso kukumba kwatsopano pa malo a boma, inafika 13.2 miliyoni mu 2024, palibe dziko lina linatulutsapo mafuta ochuluka chotero chiyambire. Sikuti Obama ndi Biden anachita zanzeru zilizonse pamenepa. Ndi luso la fracking. Amaboola pansi makilomita awiri kapena atatu mpaka kufika pa mwala wotchedwa shale, chobowolera chija chimakhota n'kuyamba kuyenda chogona m'kati mwa mwalamo makilomita enanso angapo, kenako amapopera madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala mwa mphamvu yoopsa mpaka mwala uja kung'aluka. Mchenga umatsalira m'ming'alumo kuti isatsekeke, mafuta n'kumatsetsereka kulowa mu paipi. Koma chitsime cha mtundu umenewu chimaphwa msanga, chaka choyamba chokha chitha kutsika kuposa theka, nde kuti usabwerere m'mbuyo uyenera kumangoboola zatsopano osapuma, ndipo chilichonse ndi madola mamiliyoni.

Apa ndi pamene drill baby drill amadziluma yekha. Kampani imaboola mtengo ukakhala wabwino. Mtengo ukatsika kwambiri, monga mmene wandale akulonjezera ovota, kampani imaimitsa makina. Mukukumbukira mmene alimi a nandolo ku Mulanje ndi ku Phalombe anachitira mtengo utagwa India atachepetsa kugula? Chaka chinacho ambiri sanadzalenso, ndipo palibe nduna ikanawakakamiza. A mafuta nawo anapsa kale. Pa 20 April 2020, nthawi ya Covid, mtengo wa mgolo ku America unatsika mpaka pansi pa ziro, pafupifupi minus $37, kutanthauza kuti wogulitsa amachita kulipira munthu kuti amuchotsere katundu chifukwa matanki osungira anali atadzadza. Makampani ngati Whiting Petroleum ndi Chesapeake Energy anagwa ndi ngongole chaka chomwecho. Kuchokera pamenepo eni ma share amauza mabwana a makampaniwa kuti phindu mutipatse ife, zothamangira kuboola paliponse ayi.

Malo amene mkanganowu umaonekera bwino kwambiri ndi ku Arctic National Wildlife Refuge, kumpoto chakum'mawa kwa Alaska, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa nkhani yake imandisangalatsa. Ndi nkhalango yotetezedwa ya maekala pafupifupi 19 miliyoni. Mu 1980 Jimmy Carter atasaina lamulo loteteza malo a ku Alaska, anasiya kachigawo ka m'mphepete mwa nyanja ka maekala 1.5 miliyoni kali lende, kuti Congress idzagamule m'tsogolo ngati mungakumbidwe. Kachigawoka kali pafupi ndi Prudhoe Bay, kumene anapeza mafuta ochuluka mu 1968 n'kumanga paipi ya makilomita pafupifupi 1,300 mpaka ku doko la Valdez. Ndiye kwa zaka pafupifupi 40 ankangokokana. Mu 1989 zinkaoneka ngati zitheka, sitima ya Exxon Valdez inagunda mwala n'kutaya mafuta ku Prince William Sound, nkhani inafera pomwepo. Mu 1995 Congress inavomereza, Bill Clinton anakana kusaina. Mpaka mu 2017 pamene ma Republican anazilowetsa m'kati mwa lamulo la misonkho, Trump n'kusaina, ndipo powerengera ankati boma lalikulu lipezapo ndalama yokwana ngati $1 biliyoni.

Tsiku logulitsa malowo linafika pa 6 January 2021, inde tsiku lomwe lija anthu anathyola nyumba ya malamulo ku Washington, nde nkhaniyi ambiri sanaimve n'komwe. Atatsegula maenvelopu anapeza kuti ndalama zonse pamodzi ndi $14.4 miliyoni basi. ExxonMobil kulibe, Chevron kulibe, ConocoPhillips kulibe. Malo ambiri anatenga ndi AIDEA, bungwe la boma la Alaska lomwelo, ngati mayi wophika zitumbuwa amene wayamba kugula yekha kuti anthu asamuseke. Biden anaimitsa ziphasozo, mu 2023 n'kuzifafaniza. Lamulo lija linkafuna kuti pakhale kugulitsa kwachiwiri, kunachitika mu January 2025, sipanabwere olo kampani imodzi. Ma Republican amati boma la Biden linachita dala kuika malo ochepa ndi malamulo okhwima kuti anthu agwe ulesi, ndipo pamenepo pali kachoonadi. Koma kugulitsa koyamba kuja kunachitika Trump ali pa mpando. Kukumba ku malo a chisanu choopsa kopanda misewu n'kodula, mabanki akuluakulu angapo anali atanena kuti sabwereketsa ndalama za ku Arctic, milandu ya ku khoti yosatha, pamene ku Permian uboola lero miyezi ingapo wayamba kugulitsa.

Ndipo eni nthaka a kumeneko nawo sali pamodzi. A Gwich'in amakana kwamtuwagalu chifukwa kachigawo kaja ndi kumene zimaswera nyama zotchedwa caribou, zonga agwape aakulu a nyanga za mphandamphanda, zomwe ndi ndiwo zawo, zovala zawo, chikhalidwe chawo chonse. Koma ambiri mwa a Iñupiat a m'mudzi wa Kaktovik, mudzi umene uli m'kati mwenimweni mwa malowo, amati tikumbe, masukulu ndi zipatala za kuno zinamangidwa ndi msonkho wa mafuta, inu a ku New York musatiphunzitse kusamala dziko lathu. Munthu aliyense wokhazikika ku Alaska amalandiranso cheke chaka ndi chaka kuchokera ku thumba la ndalama za mafuta, Permanent Fund, kuyambira 1982. Munthu wotereyo ukamuuza zoti tisiye mafuta amakuyang'ana ngati wapenga.

Mukaona bwino mupeza kuti chipani chimagwira ntchito pa TV, koma kumudzi aliyense amayang'ana mphika wake. Mary Peltola, mbadwa ya ku Alaska amene pa nthawiyo anali phungu wa ku Congress wa ma Democrat, chipani cha a Biden, anamenyera nkhondo Willow mpaka Biden anaivomereza mu March 2023, achinyamata a zachilengedwe amene anavotera Biden n'kukwiya. New Mexico imavotera ma Democrat koma bajeti ya masukulu ake imadalira mafuta. Ku Florida nako ma Republican safuna kumva zokumba pafupi ndi magombe awo chifukwa chuma chawo ndi alendo odzaona malo, moti Trump yemweyo mu September 2020, chisankho chitayandikira, anasaina chiletso chokumba m'mbali mwa Florida, Georgia ndi South Carolina. Drill baby drill koma kwa aneba.

Okanawo mfundo zawo si zopusa. Pa 20 April 2010 chitsime cha BP cha Deepwater Horizon chinaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 anafa, mafuta anatuluka masiku 87 osatha kutseka, migolo mamiliyoni, asodzi a ku Louisiana anakhala manja lende. Komanso project ngati Willow ikayamba ndi ya zaka 30, nde amati tikulonjezana zochepetsa utsi wowononga nyengo uku tikusaina zopopa mpaka m'ma 2050, zikugwirizana bwanji? Ife amene tinaona namondwe Freddy ndi namondwe Ana sitingaseke funso limenelo. Pamene ine ndimasiyana nawo ndi apa, ukatseka chitsime koma galimoto zonse zili pamsewu, mafutawo angochokera kwina, kwa Saudi kapena kwa Russia. Zinaoneka mu 2022 Russia italowa Ukraine, petulo atafika $5 pa gallon mu June. Biden yemwe uja anafafaniza chilolezo cha paipi ya Keystone XL tsiku lake loyamba mu ofesi anatsegula nkhokwe za boma n'kutulutsa migolo 180 miliyoni, anayamba kudzudzula makampani kuti bwanji simukupopa ambiri, mu July n'kukwera ndege kupita ku Jeddah ku Saudi Arabia. Mtengo wa pa pampu ukakwera palibe wandale amakhalanso wa zachilengedwe.

Ndisawanamizire a mbali yokumba, pali pamene amanena zoona. Pa gasi, fracking inatsitsadi mtengo ku America kwambiri, chifukwa gasi ndi wovuta kwambiri kumutumiza kunja, uyenera kumuziziritsa mpaka asanduke madzi ndi kukhala ndi sitima zapadera, nde wambiri amatsalira pa msika wa m'dzikomo ndipo magetsi ndi mafakitale awo amapindula. Ndipo migolo 8 miliyoni imene America yawonjezera kuyambira 2008 si kapu ya madzi ija ayi, imeneyo inathyola OPEC msana, ndi imene inathandiza kugwetsa mtengo mu 2014. Koma inatenga zaka 15, inachokera kwambiri m'minda ya anthu, ndipo sinabwere chifukwa cha siginecha ya pulezidenti aliyense. Pa 20 January 2025 Trump analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya kusowa kwa mphamvu, dziko loti pa nthawiyo linali likutulutsa mafuta kuposa lina lililonse. Ndale zimenezo.

Tsopano tibwere kwathu. Za kugona pa filling station ndikuzidziwa bambo, mu 2011 ndinagonapo masiku awiri pa mzere, mpando wogonetsa, udzudzu, anyamata a zigubu akudutsa kutsogolo kwathu ngati ali ndi chiphaso cha ku State House, tanker ikangoonekera patali aliyense kuliza injini, kenako kumva kuti ndi dizilo yekha. Koma taganizani, masiku amenewo dziko lapansi silinasowe mafuta. Ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam matanki anali odzadza. Chimene chinasowa ndi madola ogulira. Mizere ya zaka zaposachedwapa gwero lake ndi lomwelo, forex. NOCMA ndi makampani ena oitanitsa amagula ndi madola, MERA imaika mtengo mu kwacha, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 mtengo wa pa pampu unalumpha popanda chilichonse chosintha ku Texas.

Za m'nyanja zija. Mu 2011 boma la Bingu linapereka chiphaso chofufuza mafuta kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum, kenako zigawo zina zinapita kwa makampani ena monga SacOil ndi RAK Gas, zigawo zonse zilipo 6. Mawu ofunika ndi akuti kufufuza. Miyala ya pansi pa nyanja yathu ndi ya mtundu umene umatha kusunga mafuta, chigwa chake ndi chimodzi ndi cha nyanja ya Albert ku Uganda kumene anapezadi, koma mpaka lero palibe amene analengeza kuti waboola n'kupeza mafuta okwanira kuchita nawo malonda. Chimene chiphaso chija chinatulutsa msanga ndi mkangano ndi Tanzania, mu 2012 anadzutsa nkhani ya malire, iwo akuti malire ali pakati pa nyanja, ife tikuti ali m'gombe mwawo malinga ndi pangano la Heligoland la 1890, mpaka Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae analowererapo osaphula kanthu.

Tiyerekeze kuti apezeka mawa. Uganda inapeza mu 2006, ndipo zaka zoposa 15 zinadutsa asanagulitse olo mgolo umodzi, akukambirana za misonkho, za malo a anthu, ndi za paipi ya makilomita 1,443 yochokera ku Hoima ku Uganda komweko kukafika ku doko la Tanga ku Tanzania. Chotuluka pansi si petulo woti muthire mu Hiace, ndi chiphalaphala chakuda chofunika kuyenga, ife fakitale yoyengera tilibe ndipo msika wathu ndi wochepa kuti munthu amange yaikulu. Nigeria yakhala ikupopa mafuta kuyambira m'ma 1950 koma kwa zaka zambirimbiri inkaitanitsa petulo kunja, mizere ngati yathu yomweyi, mpaka fakitale ya Dangote itayamba mu 2024. Norway ili ndi mafuta ochuluka koma petulo wake ndi mmodzi mwa odula kwambiri ku Ulaya, iwo anasankha kusunga ndalamazo m'thumba la dziko. Ndiye mafuta a m'nyanja chimene angatipatse ndi madola, ndipo madola ndi amene tikusowadi, pamenepo ndikuvomereza. Koma afika mochedwa, ndipo kuchuluka kwake kudalira zimene zalembedwa mu mgwirizano ndi kampaniyo, pomwe lamulo lathu lakale la zokumba mafuta linalembedwa mu 1983 nkhani zonsezi zisanayambe.

Mantha anga ine ali pa madziwo. Gulf of Mexico ndi nyanja ya mchere yotseguka, ili ndi mafunde otha kumwaza zoipa, ndipo BP inalipira madola mabiliyoni makumi angapo, zombo zoyeretsa zinabwera zikwizikwi. Nyanja yathu ili ngati beseni, potulukira ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, nde chimene chalowamo chimakhalamo zaka mazana. Shire yemweyo ndi amene amazunguza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi amene Blantyre imamwa kudzera pa Walker's Ferry. Onjezani usipa, chambo, utaka, ndi mbuna za ku Cape Maclear zimene zinapangitsa UNESCO kuika malowo pa mndandanda wake mu 1984. Chitsime chitaphulika ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, zida zotsekera zichokera kuti, zidutsa msewu uti, alipira ndani? Ine sindikana kufufuza, makamaka zigawo za pamtunda, koma za m'madzi ndikufuna ndione kaye mayankho a mafunso atatu amenewa atalembedwa pa pepala.

Kwa ma minibus anu awiriwo, zimene Trump ndi ma Democrat akukangana zikukhudzani mochepa kwambiri. Muziyang'ana mtengo wa Brent, womwe ndi mtengo wa mafuta osayenga pa msika wa dziko lonse lapansi, umene amalengeza pa nkhani za chuma tsiku lililonse, muziyang'ana kusiyana kwa dola ya ku banki ndi ya pa black market, ndiponso mmene fodya wagulidwira ku Kanengo chaka chimenecho. Brent ikakwera miyezi iwiri yotsatizana MERA ili chete, dziwani kuti oitanitsa akugulitsa moluza ndipo ma tanker ayamba kuchepa, dzadzitsanitu matanki.